Timabokosi toyeza madzi pa mathanki a ku Mabvuku ndi Tafara: momwe ntchito ikuyendera

Ndikulembera anzanga amene mukuganiza zoika masensa pa mathanki a madzi a m'dera lanu n'kumaona zonse pa intaneti. Ife tili ku Mabvuku ndi Tafara, kum'mawa kwa Harare. Madzi a mzinda uno amachokera ku Lake Chivero kudzera ku Morton Jaffray, kumadzulo, ndipo kuno ndi kumtunda komanso kumapeto a mapaipi, choncho nyumba zambiri zimadalira mijigo.

Bungwe lathu la maliro, lomwe anayambitsa makolo athu ochokera ku Dedza, Ntcheu ndi Mangochi, limathandiza kusamalira mijigo 9 ya mapampu a sola. Uliwonse uli ndi thanki ya malita 5,000 pamwamba pa nsanja. Vuto lomwe amayi anabweretsa ku msonkhano linali lakuti thanki ikadzaza ena amamva msanga, pomwe ena amafika ndi zigubu madzi atatha kale, n'kubwerera ku zitsime zosazama za kudambo. Aliyense kuno amadziwa chomwe zitsimezo zimabweretsa. Kolera ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo inabweranso ku Glen View ndi Budiriro mu 2018. Ntchito yanga inali iwiri: kudziwa kuchuluka kwa madzi m'thanki iliyonse nthawi iliyonse, ndi kudziwa njira yomwe uthenga wa madziwo umayendamo, pakati pa timakina komanso pakati pa anthu.

12 Okutobala 2024: kugula zipangizo

Thanki iliyonse inafunika izi: bolodi la ESP32 (kakompyuta kakang'ono) lokhala ndi wailesi ya LoRa, yotumiza timauthenga patali ndi moto wochepa, $24, sensa ya JSN-SR04T yoyeza mtunda ndi mawu, yosaopa madzi, $9, sola ya 10W, $14, mabatire awiri a 18650, $8, kabokosi kosalowa mvula, kotchajira ka TP4056, waya ndi zomangira, $10. Zonse $65 pa thanki, kutanthauza $585 pa mathanki 9. Pa nyumba ya amalume, pomwe pali sola yaikulu, taikapo bolodi lina lolandira mauthenga onse ndi karauta ka 4G, $60 zonse pamodzi. Gawo lina la ndalama latuluka m'thumba la bungwe, lina atumiza abale a ku Johannesburg.

Pogula mabolodi onetsetsani nambala yolembedwa pa kawailesi. Alipo a 433, a 868 ndi a 915 MHz, ndipo osiyana samvana. A 915 ndi a ku America. Ine ndatenga a 868, koma werengani kaye malamulo a POTRAZ, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mawailesi kuno ku Zimbabwe, musanagule. Komanso musayatse bolodi mulibe eriyo, kawailesi kamatha kupsa. Eriyo ikasowa, kawaya kowongoka ka masentimita 8.6 kamagwira ntchito pa 868.

26 Okutobala 2024: mabatire

Mabatire oyamba analembedwa 9,900 mAh pachikopa. Batire la 18650 lenileni silipitirira pafupifupi 3,500, ndiye nambala yotereyi ndi bodza basi. Timabokosi tinkazima isanakwane 2 koloko usiku. Ndinabwereka sikelo ya mlongo wanga yopimira ufa wa makeke: batire labwino limalemera magalamu cha m'ma 45, koma awa sanafike ngakhale 30. Wogulitsa anakana kuwalandira. Tataya $40, ndipo mabatire abwino tawapeza pophwasula mabatire akale a laputopu kwa mnyamata wokonza makompyuta m'tauni. Tengani sikelo popita kokagula, osachita manyazi.

9 Novembala 2024: seva

AWS, ya kampani ya Amazon, inatsegula malo ake ku Cape Town mu 2020, Microsoft ku Johannesburg mu 2019, Google ku Johannesburg komweko mu 2024, ndiye cloud, kutanthauza makompyuta a lendi a pa intaneti, yapafupi ilipo. Koma msungichuma wathu, amayi achikulire osamala kobiri lililonse, anakana zolipira malinga ndi momwe mwagwiritsira ntchito. “Mundiuze mtengo umodzi, mwana wanga, woti ndilembe m'buku,” anatero. Ndikugwirizana nawo. Tachita lendi kaseva kakang'ono, kompyuta yolandira ndi kusunga mauthenga athu, ku Johannesburg, $7 pa mwezi, mtengo wosasintha. Pamafunika khadi ya banki ya madola a ku America. Tikugwiritsa ntchito ya mphwanga, bungwe n'kumamubwezera.

Pa sevayo pali Mosquitto yolandira mauthenga a MQTT (njira yomwe timakina timatumizira timauthenga), InfluxDB yosunga manambala ndi Grafana yojambula mizere. Ndinaikanso database yapadera yosungira ma graph, zithunzi za timadontho tolumikizidwa ndi mizere, koma seva ya 1 GB inkangobanika n'kuima. Ndaichotsa. Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndi NetworkX, chida chake cha ma graph, zikukwanira bwino lomwe pa ntchito ya msinkhu wathu.

23 Novembala 2024: thanki yodzaza m'mawa uliwonse

Apa ndi pomwe ntchito inatizunguza mutu. M'mawa uliwonse, cha m'ma 5 koloko, mathanki onse ankaonetsa kuti adzaza, pomwe pampu ya sola siyamba dzuwa lisanatuluke. Mlembi wa bungwe analandira meseji yabodza, anaitumiza pa gulu la WhatsApp, amayi anafika ndi ndowa kuthanki youma. Mawu omwe ndinamva tsiku limenelo anali oyenera.

Nditakwera pa nsanja ya thanki 2 m'bandakucha ndi tochi, ndinapeza timadontho ta madzi tili ngundungundu pankhope ya sensa. Usiku nthunzi imakwera m'thanki n'kuzizira pachivundikiro. Sensa imatumiza kamawu n'kudikira kabwerere. Kakagunda dontho lomwe lili pamphuno pake, imaganiza kuti madzi afika pakamwa. Ndiponso sensa imeneyi siona bwino chilichonse chomwe chili pafupi kuposa masentimita 20 kapena 25.

Takonza motere. Sensa taikweza m'kapaipi ka PVC kotalika masentimita 30 pamwamba pa chivundikiro, kokhala ndi timabowo ta mpweya tophimba ndi neti ya udzudzu. Pulogalamu tsopano imayeza kasanu ndi kawiri n'kutenga nambala yapakati, ndipo iliyonse yochepera masentimita 25 imatayidwa. Chachitatu, chomwe chathandiza kwambiri: seva imakana kukhulupirira kuti thanki yakwera malita 3,000 m'mphindi khumi, chifukwa pampu yathu singathe zimenezo.

Kutentha nakonso kunalowererapo. Liwiro la mawu mumpweya ndi pafupifupi mamita 343 pa sekondi pa madigiri 20, ndipo limakwera ndi 0.6 pa digiri iliyonse. M'thanki yokhala padzuwa la Novembala kusiyana kwa m'mawa ndi masana kumafika madigiri 25. Thanki ikakhala pafupi kuuma, zimenezi zimasokoneza muyeso ndi masentimita pafupifupi 9, ndipo m'thanki ngati zathuzi sentimita imodzi ndi malita 25. Masentimita 9 amenewo ndi zigubu khumi ndi chimodzi. Kasensa ka kutentha ka DS18B20, $3 pa thanki, kathetsa nkhaniyi.

7 Disembala 2024: chaka cha 1970

Bolodi lolandirira likazima n'kuyakanso, netiweki isanabwere, limaiwala nthawi n'kuyambira pa 1 Januwale 1970. Mizere ya pa Grafana inkaoneka ndi mipata, manambala atathawira zaka 54 kumbuyo. Taika kawotchi ka DS3231, $4. Kumbukiraninso kuti seva imayendera UTC, nthawi ya dziko lonse, yomwe ili maola awiri kumbuyo kwa nthawi ya Harare.

Bandulo ya deta inkathanso msanga. Kauthenga kathu n'kakang'ono, koma kulumikizana mwatsopano ndi seva kudzera pa TLS, njira yotsekera mauthenga kuti ena asawawerenge, kumadya deta yochuluka kuposa uthengawo. Tsopano bolodi limakhala lolumikizidwa osadula, n'kumatumiza mauthenga onse mtolo umodzi pa mphindi khumi zilizonse. Tikuwononga $5 pa mwezi.

18 Januwale 2025: timabokosi tinayi tazima pamodzi

Timabokosi takutali sitifika kwa amalume mwachindunji, chifukwa pakati pali matanthwe ndi nyumba za malata. Timatumiza kudzera mwa tinzake, ndipo kabokosi kalikonse kakalandira uthenga kamalembapo nambala yake kasanaupititse patsogolo. Poyamba mauthenga ankazungulira osatha, 6 kupatsa 7, 7 kubwezera 6. Tinapatsa uthenga uliwonse nambala yakeyake ndi malire a kudumpha kanayi, zinatha.

Sabata ino kwachita mitambo masiku otsatizana, ndipo timabokosi 6, 7, 8 ndi 9, tonse ta mbali ya Tafara, tinasowa pa Grafana mphindi imodzimodzi. Nditapita, tonse tinali tamoyo, mabatire odzaza. Komwe kanafa ndi kabokosi 4, ka pa thanki ya kuseri kwa tuckshop, komwe sindinkakaganizira n'komwe.

Ndinatenga mauthenga onse a miyezi iwiri, n'kulemba pulogalamu yoti kabokosi kalikonse kakhale kadontho, ndipo kudumpha kulikonse kwa uthenga kukhale mzere. Pa mapu a dera, kabokosi 3 ndi komwe kali pafupi ndi Tafara, ndipo aliyense angaganize kuti mauthenga amadutsira pamenepo. Graph inaonetsa zina. Pakati pa 3 ndi 6 palibe mzere ngakhale umodzi, thanthwe latsekereza. Zonse za ku Tafara zimadutsa pa 4, chifukwa nsanja yake ili pa kachitunda. Mu NetworkX muli lamulo lotchedwa articulation_points, lomwe limatchula timadontho toti mukachotsa kamodzi, graph imaduka pawiri. Linatchula 4 yekha. Dziwani kuti lamuloli limakana graph ya mizere yokhala ndi mivi. Isinthireni kaye ndi to_undirected.

Chifukwa chomwe kanafera ndi chomwechonso. Timabokosi tina timayeza, kutumiza, n'kugona. Koma 4 ali ngati mkamwini: katundu wa mudzi wonse ndi wake, ndipo kugona kulibe, chifukwa ayenera kutchera khutu nthawi zonse. Sola ya 10W pa tsiku la mitambo singamudyetse. Ndamuikira ya 20W, $22, ndi mabatire anayi.

1 Febuluwale 2025: mphezi ndi wakuba

Mphezi yapsereza kabokosi 1, $24 bolodi latsopano. Sola ya pa thanki 7 yabedwa usiku. Tawotcheretsa zitseko za zitsulo ku Siyaso, ku Mbare, $18 chimodzi, kuyambira ndi 4 ndi 7. Zina zidikire ndalama.

22 Febuluwale 2025: mwamva kwa ndani?

Tsopano gawo la anthu. Thanki ikafika pa magawo atatu mwa anayi, SMS imapita kwa mlembi, iye n'kuika pa gulu la WhatsApp. Kuchokera pamenepo uthenga umayenda bwanji, kompyuta singaone, chifukwa mauthenga a WhatsApp ndi otsekedwa, ndipo ngakhale akanakhala otsegula sindikanafuna kusuzumira m'mafoni a anthu. Tinasankha kufunsa pamaso. Achinyamata anayi a bungwe anaima pa mathanki ndi makope, n'kumafunsa funso limodzi lokha, m'Chichewa kapena m'Chishona: “Mwamva kwa ndani kuti madzi alipo lero?”

Tisanayambe, atcheyamani anaitanitsa msonkhano, ndipo agogo ena anafunsa mosapita m'mbali: “Ndiye dzina langa lipita mu kompyuta ya ku South Africa?” Funso labwino kwambiri limeneli. Zimbabwe ili ndi lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, lomwe POTRAZ imayang'anira, ndipo limakhudzanso kutumiza zokhudza anthu kunja kwa dziko. Koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, chithunzi choonetsa yemwe amalankhula ndi yani m'dera si choseweretsa. Anthu athu ambiri anavutika zaka zambiri ndi nkhani ya zitupa ndi unzika, ndipo sakonda kulembedwa mayina m'mabuku osawadziwa. Tinagwirizana kuti banja lililonse lipatsidwe nambala. Kope lolumikiza nambala ndi dzina limakhala kwa atcheyamani, m'sutikesi momwe mumakhala buku la maliro. Ku seva kumapita manambala okha, popanda nambala ya foni kapena ya nyumba. Amene sanafune kuyankha tinawasiya, ndipo madzi anatunga monga mwa masiku onse.

15 Malichi 2025: zomwe graph ya anthu yaonetsa

Mabanja oposa 100 anayankha. Vuto loyamba linali la makope: munthu mmodzi analembedwa katatu, kwina ndi dzina la mwana wake woyamba, kwina ndi mfunda, kwina ndi dzina la ntchito yake. Ndinakhala madzulo awiri ndi atcheyamani kulumikiza mayinawo, chifukwa iwo okha ndi amene amadziwa kuti anaPhiri a pa kona ndi make a uje ndi munthu mmodzi. Mukadumpha gawo limeneli graph yanu inama.

Njira ya Louvain, yomwe imasonkhanitsa timadontho tolumikizana kwambiri, inatulutsa magulu atatu. Atcheyamani atayang'ana m'kope anawazindikira nthawi yomweyo: a ku CCAP ndi amayi a chigwirizano, a ku mzikiti omwe ambiri ndi Ayao, ndi anansi olankhula Chishona pamodzi ndi ochita lendi zipinda. Palibe amene anadabwa nazo.

Chodabwitsa chinali china. Mlembi ndi amene ali ndi mizere yambiri kuposa wina aliyense, monga tinkayembekezera. Koma mukamuchotsa pa graph, palibe chimaduka, chifukwa anthu ake onse ali pa gulu limodzi la WhatsApp ndipo amauzananso okhaokha. Ndiye ndinawerengetsa betweenness, muyeso womwe Linton Freeman anaufotokoza mu 1977, wowerenga kuti njira zachidule zingati pakati pa anthu awiriawiri zimadutsa pa munthu mmodzi. Pamwamba panatuluka nambala yokhala ndi mizere isanu yokha. Articulation_points inatchulanso yomweyo: mukaichotsa, mabanja oposa 20 a kufupi ndi mathanki 8 ndi 9 amakhala pa chilumba.

Atcheyamani anatsegula kope, n'kuseka. Ndi agogo aja anafunsa za kompyuta ya ku South Africa. Alibe WhatsApp, foni yawo ndi ya mabatani. Amagulitsa tomato ndi masamba pafupi ndi pokwerera makombi. Mdzukulu wawo akaona uthenga pa gulu amawauza, iwo n'kuuza amayi awiri a ku mzikiti ndi mnansi wina wa Chishona akabwera kudzagula ndiwo, ndipo atatuwo ndi amene amafalitsa mbali yonse ija. Ndinawapempha chilolezo ndisanalembe izi. “Lembani, bola dzina ayi,” anatero, akusanja tomato m'milu ya anayianayi. “Ine ndimangonena kuti madzi abwera, basi.”

Nditaika graph ya anthu pambali pa manambala a masensa, zinagwirizana. Ku Mabvuku madzi amayamba kutsika m'thanki pasanathe theka la ola chitumizireni uthenga. Pa 8 ndi 9 pamadutsa ola ndi theka kapena awiri, ndipo kutsika koyamba kumakhala kwa phompho, malita mazana angapo nthawi imodzi. Amenewo si amayi a ndowa, ndi anyamata a ngolo ogulitsa madzi, omwe amayendera mathanki okha osadikira uthenga. Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi: ino ndi nthawi ya mvula, anthu ambiri akutchera madzi a padenga, choncho manambala a miyezi ino ndi ofooka poyerekeza ndi omwe tidzaone m'chilimwe.

3 Meyi 2025: agogo apita kumaliro

Agogo anapita ku Dedza kumaliro a mchemwali wawo, ndipo akhalako masabata angapo. Mvula yatha, anthu abwerera ku mathanki. Masiku amenewa pa 8 ndi 9 mzere wa pa Grafana ukukhala wathyathyathya mpaka masana, kenako kugwa kamodzi. Mmodzi wa achinyamata athu wapeza amayi a mbali imeneyo akutunga kudambo, thanki yodzaza ili pamtunda wa mphindi khumi. Zandiwawa kwambiri, chifukwa graph inali itanena kale mu Malichi, koma ndalama yokonzera inali isanavomerezedwe.

Ku msonkhano wa Epulo ena ankafuna kuti tilipire seva yaikulu ndi kupanga pulogalamu ya pa foni yokhala ndi mapu. Ndinakana, ndipo ndikukanabe. Seva ya $7 ikugwira ntchito yonse popanda kudandaula, ndipo pulogalamu ya pa foni ikafikira anthu omwewo amene amamva kale msanga. Ndalama iliyonse yomwe tili nayo ipite pa milatho iwiri ija, wa timabokosi (kabokosi 4) ndi wa anthu (agogo), kuti uliwonse ukhale ndi unzake.

17 Meyi 2025: kumanga milatho yachiwiri

Kabokosi 10, kopanda sensa, kongolandira ndi kupititsa mauthenga, takaika padenga la nyumba yosanja ya m'bale wina wa mumpingo. Bolodi, sola ya 20W, mabatire anayi, chitseko cha zitsulo ndi paipi ya mamita atatu, zonse $85. Ndinazimitsa 4 dala kwa tsiku lathunthu: mauthenga a 6, 7 ndi 8 anadutsira pa 10 bwinobwino. A 9 ankafika ena, ena kutayika. Titakweza eriyo ya 9 ndi mita imodzi zinakhazikika. Articulation_points tsopano sikutchula kabokosi kalikonse ka pa thanki.

Kwa anthu, SMS ya mathanki 8 ndi 9 tsopano ikupita mwachindunji kwa anthu atatu, mmodzi wa m'gulu lililonse, omwe anavomera okha. Nambala zawo zili m'bolodi la kwa amalume, osati pa seva. Zikutidya pafupifupi $4 pa mwezi. Agogo atabwerera tinawafunsa ngati nawonso akufuna SMS, anati inde, koma ilembedwe m'Chichewa. Tsopano imapita m'zilankhulo ziwiri.

Amayi ena a ku mzikiti anabweretsa ganizo lomwe palibe wa ife a makompyuta analiganizira: nyale pamwamba pa nsanja, yoyaka madzi akakhalamo. Taika nyale yobiriwira ya LED pa 8 ndi 9, $6 iliyonse pamodzi ndi kaswitchi kake. Ikuoneka kuchokera pokwerera makombi.

14 Juni 2025

Nyale yoyaka osazima ikudya batire la 9 kuposa momwe ndinawerengera, makamaka tsopano dzuwa likulowa msanga. Ndaisintha kuti iziphethira, sekondi imodzi pa zisanu, ndipo izizima 8 koloko usiku. Masana sioneka bwino. Tikuyesa kuiphimba ndi kachitini kopaka utoto wakuda. Pa 7 kangaude walukira ukonde m'kapaipi ka sensa, neti inang'ambika, ndipo tsopano wotsuka sola Loweruka amasuzumiranso m'kapaipi.

Ndalama zonse kufika lero, kuphatikiza zotayika, zili pafupi ndi $1,100, ndipo pa mwezi tikulipira $16. Pa 8 ndi 9 madzi akuyamba kutsika pasanathe mphindi 40, ndipo akutsika pang'onopang'ono, ndowa ndi ndowa. Zitseko za zitsulo zatsala za mathanki asanu ndi awiri. Mu Okutobala, kutentha kukafika pachimake, achinyamata adzabwereranso ndi makope kukafunsa funso lomwe lija, chifukwa ochita lendi amasamuka kawirikawiri ndipo graph ya Malichi idzakhala itakalamba.